Chinaka cha m'Kadambo ka Felicia

Kumunsi kwa Chinyonga, kumene nyumba zimathera mwadzidzidzi ngati munthu wodulidwa pakamwa, kuli kadambo kamene palibe anamangapo. Si chifundo ayi. Pamwamba pake pamadutsa mawaya akuluakulu a magetsi, amene amalira ngati njuchi kukachita chinyezi, ndiye aliyense amapaopa. Chakumtunda anthu amaumba njerwa, chakumunsi amatsuka magalimoto, ndipo pakati patsala malo onyowa osaposa bwalo la ntchemberembaye, dothi lake lakuda bii, lotepatepa munthu akapondapo.

Pamenepo m'pamene a Morris Nakhumwa, mkulu wosoka maambulera pakhonde la sitolo ina ku Limbe, anaima m'mawa wina wa Januwale, buluku atapinda mpaka m'mawondo, akuwerenga maluwa. Sanachedwe nako kuwerengako. Analipo anayi.

Anazungulira n'kuyambiranso mbali ina, ngati kuti maluwa amachuluka munthu akawadzera kumbuyo. Anayi omwewo.

Duwa la chinaka si lodzionetsera. Limayamba ndi masamba awiri otambalala amene amagona pansi ngati zikhatho za munthu wolandira mphatso. Pakati pawo pamatuluka phesi limodzi lofika m'bondo, ndipo kunsonga kwake timaluwa tofiirira timathinana mozungulira, kalikonse katavala kachipewa kake, kumbuyo kuli timichira tiwiri. Fungo lake umalimva pokhapokha utagwada. Silifuna madzi oima, silifunanso pouma. Limasankha pamene phazi limalowa pang'ono n'kutuluka likulira tswaa. Mvula ikatha phesi lija limauma, mphepo n'kulithyola, osasiya ndi chizindikiro chomwe. Koma pansi pamatsala chimene anthu amalifunira: timbatata tiwiri, kena kolimba ndi konona, kena kokhwinyata ngati chala chimene chakhalitsa m'madzi ochapira.

Kadamboka anakatulukira ndi akazi awo, malemu a Felicia, chaka chimene analowa m'nyumba ya ku Chinyonga. Agogo awo a Felicia anachita kuwoloka kuchokera ku Mozambique, kuseri kwa phiri la Mulanje, atasenza mphasa ndi mphika umodzi. Luso lokumba chinaka analibweretsa m'mutu, ndipo linadutsa mwa akazi okhaokha mpaka kufika kwa mdzukulu wawoyo. Kwa zaka makumi atatu a Felicia ankapita kudamboko kawiri pa chaka. Mu Januwale ankakazika waya pambali pa duwa lililonse, kuti phesi likadzauma adzadziwe pokumba. Mu Juni ankapita ndi kakhasu.

Mawayawo anali a maambulera akufa, ndipo ndiwo okha amene a Morris ankathandizapo. Panalibe lamulo loti mwamuna asalowe m'matope a chinaka, kungoti sizinkachitika. Iwo ntchito yawo inali kukhala pachulu chapafupi, atagwira nsapato za akazi awo kuopa akuba, wailesi ili pakhutu. Kuchokera pachulupo ankangoona msana wa a Felicia, dzanja likuponya kanthu m'kadengu, dzanja lomwelo likubwezera kanthu kena m'dzenje n'kufotsera.

Tsiku lina anafunsapo kuti, “Nanga chimene mukubwezeracho n'chiyani?”

“Munthu satenga zonse, bambo a Ireen,” anatero a Felicia osatembenuka.

Mpira unali utafika povuta pa wailesi, ndiye sanafunsenso.

Ireen ndi mwana wawo yekhayo. Amagwira ntchito mu ofesi ina ku Blantyre, ndipo amakhala ku Naperi ndi mwamuna wake, Kingsford. Kuchokera ku Naperi kufika ku Chinyonga si ulendo woti munthu n'kumanga kamba. Sanayambanepo ndi bambo ake, ndipo n'chimene chinkapweteka kwambiri, chifukwa mkangano umatha ndi kupepesa, koma apa panalibe chopepesa. Chionekere, amene ankalumikiza awiriwa anali a Felicia. Atangoikidwa, bambo ndi mwana anapezeka kuti alibe chokambirana choposa “mwadzuka bwanji” ndi “mankhwala mukumwa?”

Juni woyamba chimwalirireni a Felicia, a Morris anadutsa kudambo kuja n'kuona mawaya ali chiimire, ozikidwa ndi dzanja limene linali litagona kale kumanda. Sanapirire. Anakatenga kakhasu, anavula nsapato, nalowa m'matope koyamba m'moyo wawo. Atakumba anapeza timbatata tiwiri, ndipo anakumbukira kuti munthu satenga zonse. Anatenga konona n'kubwezera kokhwinyata. Zinali zomveka: kachikaleko ndiye kholo, ndipo kholo ndi limene limabereka. Anasinja, anaphika ndi chidulo ndi nsinjiro monga ankaonera, anavundula mpaka phewa linawawa, nathira m'mbale kuti chigwirane ngati chiwindi. Kenako anaimba foni.

Ireen anabwera Loweruka lake. Anadya, analira, anachapa makatani, anakhala mpaka dzuwa kupendeka. Chaka chotsatira zinateronso. Mapeto ake unakhala mwambo: Loweruka limodzi pa chaka, nyumba ya ku Chinyonga inkamveka mawu a anthu awiri. Ndipo potsazika Ireen sankalephera kufunsa kuti, “Chikadalipo kudambo la amayi?”

“Chilipo,” ankatero a Morris. “Chambiri.”

Koma a Felicia anasiya mawaya makumi anayi ndi mphambu. Chaka chotsatira maluwa anatuluka makumi awiri ndi asanu ndi anayi. Kenako makumi awiri. Kenako khumi ndi atatu. Chaka chatha asanu ndi anayi, ndipo a Morris anakumba asanu okha, chinaka n'kuchuluka nsinjiro. Mlandu anauika pa sopo wa otsuka magalimoto, pa mbuzi za eni ake, makamakanso pa Yona woumba njerwa, amene anamulalatira pagulu kuti akuumitsa dambo.

M'mawa wa Januwale umenewu ndi pamene maso awo anaona chimene anakhala akuchilumpha. Maluwa anayi aja anali pamene sanakumbe. Mawaya asanu a pamene anakumba anaima okhaokha, opanda ndi tsamba lomwe. Anagwada pa waya mmodzi n'kufukula ndi zala. Anapeza chikopa chokha, chakuda, chopanda kanthu m'kati. Anachikulunga m'pepala n'kupita nacho ku ntchito.

Pakhonde la ku Limbe, pambali pa bokosi lawo la zipangizo, pamakhala a Ndaziona, mayi wa ku Phalombe wogulitsa nthochi ndi mapeyala. Akhala moyandikana zaka zisanu ndi ziwiri, koma wina sadziwa khomo la mnzake.

“Achimwene, lero nkhope ngati ambulera yopindidwa ndi mphepo,” anatero a Ndaziona. “Nyengo yanu ndi ino, anthu akunyowa, inu mukukwinya chiyani?”

A Morris anafunyulula pepala lija. A Ndaziona anatenga chikopacho, anachinunkhiza, nawayang'ana.

“Ichi n'chinaka. M'tauni muno mwachitenga kuti?”

Anawafotokozera zonse, za dambo, za a Felicia, za Loweruka la Ireen. Kanali koyamba kuuza munthu.

“Dikirani kaye,” anatero a Ndaziona. “Mukakumba mumabwezera kati?”

“Kachikale. Kokhwinyata.”

“Chifukwa?”

“Nanga si ndiye mayi wake? Mwana angabereke?”

A Ndaziona anaseka mpaka anagwira m'nthiti, mayi wina wofuna mapeyala n'kutopa kudikira. Koma ataona nkhope ya a Morris, kusekako kunazima.

“Pepani achimwene. Mayiyo amakhala atatha kale. Mafuta ake onse amapita ku duwa ndi kwa mwanayo. Pofika Juni n'chikopa chabe, ngati ine ndi inu. Duwa la chaka chamawa limatuluka mwa kononako. Inu zaka zonsezi simumadzala ayi. Mumaika maliro.”

A Morris anayang'ana minibasi zikulimbirana anthu kutsidya kwa msewu. Woitanira wina ankakuwa kuti kwatsala malo a munthu mmodzi.

“Nanga mayi a Ireen ankabwezera chiyani?”

“Mwana! Kwathu timatere: ukakumba n'kupeza mayi ali ndi mwana mmodzi, umafotsera, osatenga kanthu, ngakhale kunyumba kulibe ndiwo. Ukapeza wabereka mapasa, utenge mmodzi, wina umubwezere. Inu simunkaona? Munali kuti?”

“Pachulu. Ndinkagwira nsapato.”

“Zaka zingati?”

“Makumi atatu.”

“Mayo ine! Zaka makumi atatu kugwira nsapato. Amuna inu Mulungu akukhululukireni.”

“Nanga njere? Duwalo limabala njere.”

“Njere zake ndi fumbi, achimwene, simungazitole. Zimauluka zankhaninkhani, yogwira imakhala imodzi, ndiponso pokhapokha dothilo litaifuna. Ikagwira mudikire zaka zitatu kapena zinayi musanaone duwa. Ndipo musayese zokadzala kuseri kwa nyumba. Ife tinayesa tili atsikana, m'chitini, m'dimba, paliponse. Chimakana. Chimafuna dothi lakwawo lomwelo.”

A Morris anatenga ambulera ya kasitomala, anaitsekula, anaitsekanso, osadziwa chimene akufuna pa iyo.

“Musadzipweteke,” anatero a Ndaziona motsitsa mawu. “Mlamu wanga amapita ku Muloza. Nthawi zina amayi a ku Mozambique amabwera nacho. Juni akafika ndikupezerani. Muphike, mwana adye. Adziwa bwanji?”

Sakanadziwa, n'zoona. Koma a Morris anamva kale funso lija la pakhomo, chikadalipo kudambo la amayi, ndipo anadziona akuyankha kuti chambiri. Kale ankanama osadziwa amene akupha maluwawo. Tsopano ankamudziwa.

“Ndiganize kaye,” anatero.

Anaganiza miyezi isanu. Masana aliwonse akaweruka ankadzera kudambo. Anaona timaluwa tija tikufota kuyambira pansi kukwera m'mwamba. Anaona tizibalobalo tikung'ambika, ndipo tsiku lina atagogoda phesi ndi chala, panatuluka kautsi kofiirira kamene mphepo inakatenga kulowera kotsukira magalimoto. Anapita kwa Yona woumba njerwa kukapepesa za mawu aja. Yona anawayang'ana matope ali m'zigongono.

“Mawu ake ati, madala?”

Anali ataiwala. Ngakhale amene anakangana naye sankawakumbukira.

Juni analowa ndi chiperoni, kamvula kowaza kosanyowetsa msanga koma kolowa mpaka m'mafupa. Lachitatu foni inalira.

“Ababa, muli bwanji? Mankhwala mukumwa?”

“Ndikumwa, mayi.”

“Chaka chino ndi Loweruka liti? Ndikufuna ndikonzeretu, mwezi uno wadzadza. A Kingsford ayamba kale kufunsa kuti ndiwatengereko.”

Mawu oti chatha anafika pakhosi n'kubwerera.

“Ndikuuza,” anatero.

Loweruka m'mawa anatenga kakhasu ka a Felicia ndi kadengu kawo. Pachulu anavula nsapato, anayang'ana uku ndi uku, nazisiya pomwepo. Mapesi anali atapita, patangotsala mawaya anayi, poti asanu aja anali atawazula. M'mutu mwawo munali masamu a munthu wanjala: timbatata tinayi, nsinjiro yochuluka, kambale kakang'ono, ndiye kuti Ireen akhala mpaka dzuwa kupendeka. Za chaka chamawa adzaziona chaka chamawa. Ndani akudziwa ngati iwo eni adzakhalapo?

Anakumba pa waya woyamba, chapatali, kenako anaika khasu pansi n'kupitiriza ndi zala. Dothi linali lozizira ngati madzi a mu mtsuko. Anapeza mayi wokhwinyata, ndipo pambali pake mwana mmodzi wonona, wamkulu ngati dzira la nkhunda, ali ndi kamphuno koyera kamene sanakaonepo zaka zonsezi chifukwa sankayang'ana. Kamphunoko kanaloza kumwamba. Linali duwa la Januwale, litadzipinda kudikira mvula.

Anakhala chogwada nthawi yaitali, chala chili pa kamphunoko. Kenako anafotsera, natsindira pang'ono ndi chikhatho.

Wachiwiri, mwana mmodzi. Anafotsera. Wachitatu chimodzimodzi. Pa wachinayi zala zawo zinakhudza kolimba kumanzere, n'kukhudzanso kolimba kumanja. Mapasa. Wina wamkulu, wina wosaposa nsonga ya chala chachikulu. Anathyola wamng'onoyo mosamala, wamkuluyo n'kumubwezera.

Zokolola za chaka chonse zinakwana m'bokosi la machesi.

Sanapite kunyumba. Anasamba miyendo pa ngalande, anavala nsapato, nayamba kuyenda kulowera ku Naperi. Chikwatiwire Ireen, iwo anali atapitako katatu, konseko moitanidwa. Anafika chiperoni chitanyowetsa jekete, nagogoda pageti ndi kamwala.

Anatsekula ndi Ireen yemwe, atavala chitenje chofanana ndi duku, chikwama chili m'khwapa.

“Ababa! Kwagwanji? Mwadwala?”

“Ayi, mayi, ndili bwino.”

“Nanga osaimba bwanji? Tikupita ku chinkhoswe ku Namiwawa, a Kingsford akutulutsa galimoto. Lowani, mwanyowatu.”

Anakhala pakhonde, pakati pa miphika ya maluwa ogula, akuluakulu, owala ngati a pulasitiki. Ireen anakhala pamphepete pa mpando, ngati munthu amene saona chifukwa chokhazikika. A Morris anatulutsa bokosi la machesi n'kulitsekula.

“N'chiyani?”

“Chinaka cha chaka chino.”

Ireen anaseka pang'ono, akuganiza kuti ndi nthabwala. Iwo anayamba kufotokoza. Ananena za mayi ndi mwana, za mapasa, za chulu ndi nsapato. Ananena chiwerengero cha chaka chilichonse osabisa, kuyambira makumi anayi mpaka anayi.

“Si mbuzi, si njerwa. Ndine. Amayi ako anasunga dambo lija zaka makumi atatu, ine ndalitha zaka zisanu. Chinaka sichipezeka chaka chino, ngakhale chamawa. Mwina zipita zaka zambiri.”

Ireen anayang'ana kambatatako, osakakhudza.

“Ndiye nthawi yonseyi mumandiuza kuti chilipo chambiri?”

“Ndimaopa.”

“Mumaopa chiyani?”

A Morris anayang'ana nsapato zawo. M'mphepete munali mutatsalira dothi lakuda.

“Kuti Loweruka lija litha.”

Kuseri kwa nyumba galimoto inalira. Ireen anatsegula chikwama, anachitsekanso.

“Ababa, inunso. Ngati kuti ine ndimabwerera chinaka.”

Iwo anadikira kuti apitirize, atchule tsiku. Sanatchule. M'malo mwake analoza mphika wina wopanda kanthu pakona.

“Kasiyeni konkuno. Ndikadzala umo, ndizikathirira. Kuno kulibe mbuzi.”

“Sikalola. Kamafuna dothi lakwawo.”

“Ngati eni ake,” anatero Ireen. Paja anawauzapo kawiri kuti asamukire m'kanyumba ka kuseri kwa nyumba yake, iwo n'kukana.

Anamwetulira onse awiri, pang'ono pokha.

“Duwa lake unalionapo?” anafunsa a Morris.

Ireen anaganiza. “Ayi. Amayi ankati ndidetsa yunifolomu.”

“Limatuluka mu Januwale. Loweruka lachiwiri limakhala litatsegula bwino. Palibe chakudya, n'kungoona basi.”

Hutala inalira. Kingsford anatulutsa mutu pawindo. “Aa, bambo! Mwatipeza tili m'njira. Chinaka chathu chili kuti?”

“Januwale kuntchito kumakhala moto,” anatero Ireen akuimirira. “Tidzaona, Ababa. Kwerani tikusiyeni pa siteji.”

“Pitani, mungachedwe. Ndiyenda.”

Mawu oti tidzaona a Morris ankawadziwa bwino. Iwonso amawanena kwa munthu wobweretsa ambulera imene singakonzeke.

Anabwerera kudambo tsiku lomwelo kambatata kasanaume. Anasankha pamene phazi limalowa pang'ono, pafupi ndi pamene anakachotsa, nakakwirira kamphuno kataloza kumwamba. Anazika waya wachisanu.

Lolemba a Ndaziona anafunsa kuti, “Ndimuuze mlamu wanga uja?”

“Musamuvutitse, achemwali. Ndakanena.”

“Ndiye wati chiyani mwanayo?”

“Wati tidzaona.”

A Ndaziona anasankha nthochi ziwiri zakupsa bwino n'kuziika pa bokosi la zipangizo.

Juni anatha, Loweruka lija osabwera. Makatani anakhala osachapa. Mu Okutobala ana osaka mbewa anatentha udzu wa kudambo, a Morris n'kuthamangira komweko, koma a Ndaziona anati moto wa pamwamba suchipweteka, umangochichotsera udzu wochiphimba. Pa Khirisimasi Kingsford anabweretsa nkhuku ndi mpunga, osazimitsa injini.

Loweruka lachiwiri la Januwale kunacha ndi mitambo yolemera ku Soche. A Morris anasesa pakhomo, anaika mipando iwiri, anadikira mpaka dzuwa linafika pamutu. Kenako anabwezera mpando umodzi m'nyumba n'kutsetsereka okha. Pachulu anavula nsapato n'kuzisiya. Mawaya a magetsi ankalira pamwamba.

Anayi aja anali atatuluka onse, aatali, ofiirira. Pa waya wachisanu panali masamba awiri aang'ono ngati makutu a mbewa, ndi kaphesi kosafika ndi m'katumba momwe, kali ndi timaluwa tisanu ndi kamodzi tokha. Anagwada. Fungo linalipo.

Foni inalira m'thumba la malaya. Anapukuta dzanja pa buluku.

“Ababa, pepani, zandikanika. Abwana atiitana, tikutseka malipoti. Ndangotuluka panja pang'ono.”

“Palibe kanthu, mayi.”

“Muli kunyumba?”

“Ndili kudambo.”

A Morris ankamva magalimoto a m'tauni kumbuyo kwa mwana wawo, ndipo anadikira funso la mankhwala.

“Alipo angati?” anafunsa Ireen.

“Asanu.”

“Chaka chatha munati anali angati?”

“Anayi.”

Wina anamuitana Ireen dzina chapatali, iye n'kuyankha kuti akubwera. Koma sanadule.

“Amaoneka bwanji?”

A Morris anayang'ana kaduwa kaja. Zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi, palibe anawafunsapo zimenezo.

“Kali ndi masamba awiri,” anayamba. “Amagona pansi. Ndiye pakati pamatuluka phesi. Kaduwa kalikonse kavala kachipewa, ngati ka mwana wakhanda kaja, kamene amayi ako anakulukira. Kumbuyo kuli timichira tiwiri.”

“Tiwiri?”

“Tiwiri. Dikira ndione bwino.”

Madontho oyamba anagwa, akuluakulu, otalikirana. Anaweramira pa duwalo, foni ataiphimba ndi chipewa, akuwerenga timichira mokweza kuti wa ku ofesi amve. Pachulu paja nsapato zawo zinayamba kudzadza madzi, popanda wozigwira.